Mpanda wanga wa copperleaf ukusanduka wobiriwira, nditani?

Nachisale_Chilomoni:
Moni nonse. Ndili ndi mpanda wa maluwa a masamba ofiirira aja ogulitsa maluwa amati copperleaf, ena amati acalypha. Mbali ya ku geti ili bwino, masamba ake ndi ofiira mwa mawangamawanga. Koma mbali yomwe yadutsa pansi pa mtengo wa mapeyala yasanduka yobiriwira, nthambi zangotalika, kunsi kulibe masamba moti nkhuku za aneba zikumalowa momasuka. Kuseri kwa masamba kulinso tinthu toyera tomata m'manja. Chinanso, apongozi anga akuti ndizule wonse chifukwa ndi m'bale wake wa nkhadze, ana angachite nawo khungu. Ndi zoona zimenezi?

Bambo_a_Tadala:
Mayi, musazule. Apongozi anu sakunama pa za ubale, chitsambachi chili m'banja la Euphorbiaceae limodzi ndi nkhadze. Koma m'banja lomwelo mulinso chinangwa chomwe timadya, nsatsi ndi mitengo ya rabala ya ku Vizara ku Nkhata Bay. Chomwe chimaononga maso pa nkhadze ndi utomoni woyera uja, ndipo acalypha alibe utomoni umenewo. Thyolani kanthambi apongozi akuona, sipatuluka zamkaka. Ana asamatafune masamba ake basi, si ndiwo.

Za kubiriwirazo ndi mthunzi. Kufiira kwake kumafuna dzuwa, pansi pa peyala chitsamba chimangothamangira kuwala, n'chifukwa chake chatalika miyendo. Ine kuno ku Chigumula ndinaphata nthambi za m'munsi za mtengo wa mango kuti dzuwa la m'mawa lizifika, masamba atsopano anatuluka ofiira. Akale obiriwirawo musawadikire. Koma ngati peyalalo ndi lalikulu ndipo limakupatsani ndalama mu Febuluwale, lisiyeni peyala, mudzale zina pamenepo.

Nachisale_Chilomoni:
Zikomo bambo a Tadala. Peyalalo ayi, abambo akunyumba sangalole ngakhale nthambi imodzi. Nanga ndidulire pompano?

Che_Wadimba_Limbe:
Pompano ayi mayi, tili mu Juni. Ine ndimagwira ntchito ya m'maluwa m'nyumba za ku Namiwawa ndi Sunnyside, ndipo chaka chilichonse mabwana amandifunsa zomwezi. Mtundu timadzala kunowu, Acalypha wilkesiana, kwawo ndi ku zilumba zotentha za m'nyanja ya Pacific, cha ku Fiji uko. Chiperoni chathu sichigwirizana nawo, Juni ndi Julayi umangoima osakula, masamba ena n'kumayoyoka. Mukaudulira m'nyengo yozizira zitsa zimakhala nthawi yaitali osaphuka. Dikirani kuyambe kutentha, kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala, mudule mofika m'mawondo, muthire manyowa owola bwino ndi madzi. Ukaphuka muzitsina nsonga kuti uchite nthambi zambiri kunsi. Mukauleka umapitirira mamita 2 ndipo kunsi kumakhala mbee.

Nthambi mwadulazo musataye. Dulani timitengo totalika ngati chikhatho ndi theka, chotsani masamba a m'munsi, bayani m'machubu a dothi losakaniza ndi mchenga, ikani pamthunzi. Timamera mizu mosavuta, mudzatsekera pomwe pakulowa nkhukupo osagula mbande.

Tinthu toyerato ndi kodikodi, abale a uja anasautsa alimi a chinangwa ku Nkhata Bay m'ma 1980. Amayamwa madzi a mumtengo n'kumatulutsa zotsekemera, ndiye kumata mukumvako. Yang'anani bwino mupeza nyerere zikukwera ndi kutsika, zimadya zotsekemerazo ndipo zimamuteteza. Sungunulani sopo pang'ono m'madzi, muzipopera kuseri kwa masamba madzulo dzuwa litapepa, kamodzi pa sabata mpaka athe. Nthambi zodzadza kwambiri dulani mutenthe, zimenezo musadikire Seputembala.

MaiPhiri_Bangwe:
Ine ndingowonjezera kumbali ya ana. Ku Nigeria anthu amawiritsa masamba ofiirawa n'kumasambitsa makanda a matenda a pakhungu, ndipo nkhani imeneyi imayendayenda pa Facebook. Chonde tisamayesere pa ana athu. Mwana akatuluka zipere kapena totupa pitani naye kuchipatala, mankhwala opaka alipo. Mpandawo ukhale wa nkhuku za aneba zomwezo.

Nachisale_Chilomoni:
Ndamva nonse. Nyererezo zilipodi Che Wadimba, zambirimbiri. Sopo wake ndi wa ufa kapena wamtanda?

Che_Wadimba_Limbe:
Wamtanda wochapira, mupale pang'ono. Wa ufa amawaula masamba.