Tithandizeni pa pempho la ndalama zofufuzira DNA ya chambo

Moni akuluakulu nonse. Kuno ku Dedza tikulemba pempho la ndalama zofufuzira DNA ya chambo cha kunyanja ku Mtakataka, koma tatsamwa pa gawo la sampulo ndi bajeti.

Cholinga ndi kusiyanitsa nsomba za mitundu iwiri ya chambo, Oreochromis karongae ndi O. squamipinnis, zomwe zikakhala zazing'ono maso okha sangazilekanitse. Talemba nsomba 30 pa doko lililonse, madoko atatu. Tidula kachipsepse n'kuika mu ethanol wa 96%, n'kumusintha mawa lake, chifukwa madzi otuluka m'mnofu amamuchepetsa mphamvu ndipo DNA imayamba kuduka.

Pamene pavuta ndi apa. Genome (DNA yonse ya chamoyo) ya tilapia, gulu la nsomba lomwe muli chambo, ndi pafupifupi 1 Gb (zilembo za DNA biliyoni imodzi), ndiye kuiwerenga ka 30 pa nsomba iliyonse (coverage ya 30x) pa nsomba 90 ndi 2,700 Gb, ndalama zake sitingazifike. Pa 2x ndi 180 Gb, apo tingakwanitse. Inu amene munaunikapo mapempho otere, kodi 2x mumaivomera tikafotokoza kuti tigwiritsa ntchito genotype likelihoods (njira yoyerekezera majini a nsomba DNA ikawerengedwa kochepa), n'kuyala ma reads (tizidutswa ta DNA towerengedwa ndi makina) pa genome ya O. niloticus (tilapia ya ku Nile)? Kapena tichepetse nsomba kuti coverage ikwere? Ife tikuona kuti nsomba zambiri n'zabwino koposa, koma owunika ena amangothamangira pa coverage.

China, sampulo zikapimidwira kunja kwa dziko. Chilolezo cha NCST (bungwe la boma loona za sayansi ndi luso), cha Dipatimenti ya Fisheries ndi mgwirizano wotumizira sampulo motsatira Nagoya Protocol (pangano la mayiko pa kagwiritsidwe ntchito ka majini a zamoyo ndi kugawana phindu lake), tiziike miyezi ingati pa ndondomeko? Nanga tizilembe ngati zapezeka kale kapena ngati ntchito ya chaka choyamba?