Bwanji kalata yachikondi m'masewero a Shakespeare imangothera kusekedwa?

Mphunzitsi_Chipoka

Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kalabu ya olemba pa sekondale yoyendera kuno ku Chipoka, ambiri mwa iwo ndi a Fomu 3. Teremu ino tikufuna tione makalata achikondi ndi ndakatulo zokopa akazi za ku England za m'ma 1500 ndi 1600. Anawa afunsa funso limene landiimitsa mutu: bwanji munthu akangolemba kalata yachikondi m'masewero a Shakespeare, mapeto ake ndi kusekedwa? Kodi kulembera mkazi kunali uchitsiru nthawi imeneyo? Chachiwiri, akawerenga ndakatulozi akungoti "akutamanda mkazi", basi, nthabwala yake sakuigwira. Ndiyambire pati? Nanga n'zotheka kuti ayesere kulemba zotere m'Chichewa?

aPhiri_Linga

Aphunzitsi, kulembako sikunali uchitsiru. Chimene oonera ankaseka ndi kalata yongotengera m'buku. Kunali mabuku ophunzitsa kalembedwe ka makalata: William Fulwood anatulutsa The Enimie of Idlenesse mu 1568, ndipo gawo lake lomaliza ndi la makalata achikondi, ena olembedwa mwa ndakatulo. Angel Day anatsatira mu 1586 ndi The English Secretary. Mnyamata wosowa chonena ankangotsegula tsamba n'kusintha dzina. Ndiye mu The Merry Wives of Windsor, Falstaff akamatumiza kalata imodzimodzi kwa akazi a eni awiri, mayi Ford ndi mayi Page, oonera ankadziwa kumene khalidweli lachokera. Amayiwo akuyalanitsa makalatawo n'kupeza kuti asiyana dzina lokha. Iye akufuna ndalama za amuna awo, ndipo chimene akupeza ndi kubisidwa m'dengu la zovala zakuda n'kukakhuthulidwa mu mtsinje wa Thames.

Chifukwa china n'chakuti kalata sinali yachinsinsi. Envelopu kunalibe. Munthu ankalemba ndi nthenga ya tsekwe, n'kupinda pepala lomwelo, n'kumata ndi phula, n'kudindapo ndi mphete kapena chidindo chake. Ofuna kuonetsa chikondi ankakulunganso ulusi wa silika pansi pa phulalo. Positi ya mfumu inatsegulidwira anthu wamba mu 1635, mu ulamuliro wa Charles I, Shakespeare atamwalira kale mu 1616. Zisanatero, kalata inkayenda ndi wantchito, mnzako kapena munthu wa ngolo ya katundu. Wolandirayo akakhala wosadziwa kuwerenga, ankafuna womuwerengera. Aliyense mwa anthu amenewa ndi khomo lotulukira nkhani.

Onani mmene masewerowo amagwiritsira ntchito makomo amenewa. Mu Love's Labour's Lost, mthenga Costard akusinthanitsa makalata awiri, ndipo ya Berowne ikufikira Jaquenetta, amene akupita nayo kwa ophunzira kuti amuwerengere. Mu Hamlet, Ophelia akupereka kalata yochokera kwa Hamlet kwa bambo ake, Polonius, amene akuiwerenga pamaso pa mfumu uku akudzudzula mawu ake. Mu Twelfth Night, Maria akulemba kalata yachikondi motengera zilembo za dona wake Olivia, ndipo Malvolio, kapitawo wa m'nyumbamo, akukhulupirira kuti Olivia akumukonda chifukwa waona zilembozo komanso chidindo cha paphula. N'chifukwa chake akutulukira atavala masokosi achikasu akumwetulira ngati wazungulira mutu.

Anawo apindeko okha kalata kuti aone. Pepala la A4, alembe mbali imodzi. Apinde chakumtunda kufika pakati, chakumunsi chivindikire pamwamba pake, kenako mbali ziwirizo azipindire mkati n'kulowetsa ina mwa inzake. Phula lidonthere pamene zakumanapo, dzina la wolandira lilembedwe kuseri. Phula la kandulo limasiya mafuta papepala ndipo limathetheka likauma, choncho madontho anayi kapena asanu akwana. Kobidi yodindira ainyowetse kaye, apo ayi imakakamira n'kuzula phula lonse. Auzeninso kuti polembera munthu wamkulu ankasiya mpata waukulu pakati pa malonje ndi nkhani, dzina lawo n'kulisaina pansi penipeni. Pepala linali lodula, lambiri lochokera ku France, ndiye kulisiya losalemba kunali kupereka ulemu.

Nabanda_SengaBay

aPhiri afotokoza bwino za makalata. Pa ndakatulo, achimwene, musayambe ndi sonnet. Anawo atanganidwa ndi kuwerenga mizere 14, nkhani n'kuwadutsa. Yambani ndi ndakatulo ziwiri zoyankhana, zimene zinasindikizidwa pamodzi mu England's Helicon mu 1600. Ya Christopher Marlowe, The Passionate Shepherd to His Love, mbusa akulonjeza mtsikana kama wa maluwa, diresi la ubweya wosalala, nsapato za zomangira zagolide. Ya Walter Ralegh, mtsikana akuyankha chinthu ndi chinthu: maluwa amafota, diresi limatha, nsapato zimang'ambika, ndipo unyamata ukanakhala wosatha mwina ndikanabwera. Iliyonse ili ndi ndime 6 za mizere inayi. Gawani kalasi pawiri, ndime iyi anyamata, yankho lake atsikana. Zili ngati nyimbo ya pamtondo: akuimbira munthu mmodzi, koma cholinga n'chakuti mudzi wonse umve ndi kuseka. Ndakatulozi zinkayenda pamanja pakati pa abwenzi, aliyense n'kumalembamo m'kabuku kake. Francis Meres analemba mu 1598 kuti ma sonnet a Shakespeare ankazungulira mwa anzake, zaka 11 asanasindikizidwe mu 1609.

Mfundo yofunika ndi iyi: ndakatulo yotere ndi mlandu, wolakatula akudziimira yekha. Mwana asafunse kuti "akumva bwanji?" koma "akufuna chiyani, ndipo wapereka umboni wotani?" Tengani The Flea ya John Donne, ndime zitatu za mizere 9. Ndime yoyamba: nthata iyi yandiluma ine, yakulumanso iwe, magazi athu asakanikirana kale mkati mwake, ndiye ukukaniranji? Yachiwiri: usaiphe, muli miyoyo itatu, ndipo ndi kachisi wa ukwati wathu. Yachitatu: mtsikana waiphwanya kale ndi chikhadabo, akuti palibe wafooka. Mnyamata akutembenuka pomwepo: eya, ndiye kundilola sikungakuchotsere ulemu woposa kadontho kameneko. Mtsikanayo sapatsidwa mzere wakewake, zochita zake zili m'mipata ya pakati pa ndime. Mwana amene sanaone chikhadabo chija sanawerenge ndakatuloyi. Poti ndi yokopa poyera, muone nokha msinkhu wa kalasi yanu, koma ndi yabwino pophunzitsa atsikana kuzindikira mfundo yokoma yopanda mutu.

Ikakuvutani imeneyo, pali A Valediction: Forbidding Mourning ya Donne yemweyo, yotsanzikana ndi wokondedwa. Ndime zitatu zomaliza zikuyerekeza awiriwo ndi miyendo ya kampasi. Atulutse kampasi m'bokosi la masamu. Mwendo wa nsonga ukhale pakati, wa pensulo autambasule: aona okha kuti wapakatiwo ukuweramira kotsata mnzake, ndipo ukuongoka pamene winayo akubwerera. Chiyerekezo chotere, chotenga chinthu chosayembekezeka n'kuchikoka mpaka chikwane, ndicho anthu a nthawiyo ankatama kuti ndi nzeru.

Akafika apa, ndiye apatseni Sonnet 130. Koma muyambe mwawauza kuti olakatula otsatira Petrarch wa ku Italy ankachita voko: maso ngati dzuwa, tsitsi ngati golide, masaya ngati maluwa. Popanda zimenezi amaganiza kuti Shakespeare akunyoza wokondedwa wake. Mizere 12 akukana voko lonselo, kuti wake amayenda pansi ngati wina aliyense, ndipo iwiri yomaliza akulumbira kuti ndi wapamwamba mofanana ndi onse onamiziridwawo. Iye akunyoza alakatuli anzake.

Chisale_Dwangwa

Ndiyankhe za kulemba m'Chichewa. N'zotheka, koma musakakamire muyezo wa Chingerezi. Mzere wa sonnet uli ndi maphatikizo 10, lopepuka kenako lolemera, kasanu, n'kuthera pa lolemera. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: "chikondi" timakoka pa "ko", "mtima" pa "ti". Mzere wathu umathera pa lopepuka nthawi zonse, ndipo mwana akaukakamiza amayamba kutchula mawu ngati mlendo. Komanso mawu athu ndi aatali. "Ndikanakulemberani" lokha ladya maphatikizo 8. Aloleni 12 mpaka 14 pa mzere.

Vuto lina ndi kufanana kwa mamvekero kumapeto kwa mizere. Mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, aneni ambiri pa -a, ndiye mwana amaona ngati wakwanitsa pamene khutu silikumva kanthu. Lamulo likhale lakuti maphatikizo awiri omaliza afanane: "mvula" ndi "phula", "kalata" ndi "malata". Muletse kugwiritsa ntchito -nso ndi -tu pothawira.

Chosasintha ndi pokhotera, pamene ganizo la ndakatulo limatembenuka. Ya Shakespeare ili ndi magawo atatu a mizere inayi ndi mizere iwiri yotsekera, ABAB CDCD EFEF GG (zilembo zofanana zikuimira mizere yothera mofanana). Ya Petrarch imagawika 8 ndi 6, n'kukhota pa mzere wa 9. Auzeni ayambe kulemba iwiri yomalizayo, kenako abwerere kukamanga mlandu wofikitsa pamenepo. Akayambira pamwamba, pofika mzere wa 8 mfundo zatha, yotsalayo n'kungobwereza.

Mphunzitsi_Chipoka

Zikomo nonse, za kampasi tiyamba nazo Lachitatu. Funso limodzi: alipo makalata enieni, osati a m'sewero, makamaka olembedwa ndi mkazi?

Nabanda_SengaBay

Alipo. Odziwika ndi 17 a Henry VIII kwa Anne Boleyn, ena a m'Chifalansa, amene ali ku laibulale ya ku Vatican, koma mayankho a Anne palibe. A kalasi yanu tengani a Dorothy Osborne kwa William Temple, makalata 77 a pakati pa 1652 ndi 1654, amene akusungidwa ku British Library. Mabanja onse awiri sankafuna ukwatiwo, ndipo abale ake ankamubweretsera amuna ena, iye n'kumawajeda mmodzimmodzi m'makalatamo. Maganizo ake anali akuti kalata imveke ngati kucheza, osati ulaliki, choncho ndi yabwino kuiyalanitsa ndi ya Falstaff. Anadwala nthomba ukwati uli pafupi, koma anakwatirana ndithu mu December 1654. Sankhani kalata imodzi, mudule ndime ziwiri, ndipo mutenge yosindikizidwa ndi kalembedwe ka masiku ano. Ya zilembo zakale ingawatayitse nthawi yonse ya kalabu pa masipelo.