Mbumba ya Gogo NaPhiri: za fizi ya Tadala

Agnes: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikukumbutsa za Tadala, kusukulu ati ndalama ya mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, ikhale italowa pofika Lachisanu, tikaphatikiza ndi fizi yotsalira ya teremu yatha zonse ndi $260. Paja tinagwirizana tsiku la maliro a mayi ake Esnati kuti mwanayu ndi wa tonse. Mpaka pano ine $50, Limbani $40, a Fatsani $40. Achimwene munati $60, Chikondi $40, Steve $30, koma kuli zii

Fatsani: Tadzuka achemwali. Yangayo ya pa Mukuru mwakatenga eti?

Agnes: Ndatenga dzulo m'tauni, zikomo

Mai Dalitso: Mulungu adalitse manja amene apereka

Yohane: Ndiyankhuleko ine mwini mbumba. Loweruka ndinabwera ku Mufakose ndinapeza kope la mwanayo lili patebulo, nditatsegula ndinaona zigaza azijambula pamzere, uku nyani uku munthu, pansi pake walemba ndi dzanja lake. Ndiye ndalama yanga ya thukuta ndikalipirire mwana wa mlongo wanga kuti azimuuza kuti anachokera kwa nyani? Genesis 1:27 Mulungu analenga munthu m'chifaniziro chake. Ine ayi

Agnes: Achimwene munabwera osandipeza, mukanandiimbira tikanakambirana, izi zotulukira pagulu kwatsala masiku anayi si bwino

Yohane: Ndikunena pagulu kuti aliyense amve. Asiye Bayoloje atenge phunziro lina

Agnes: Ali Fomu 6, asiye lero phunziro limene wawerenga zaka ziwiri?

Limbani: Malume moni. Ndi ulemu wonse, bukulo silikunena kuti tinabadwa kwa anyani aja amaba chimanga ku Domboshava ayi. Likunena kuti ife ndi chimpanzi tili ndi kholo limodzi la kalekale, zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, kenako mibadwo inapatukana. Zili ngati ife a kuno ku Harare ndi abale athu a ku Dedza, ife sitinachokere kwa iwo, iwonso sanachokere kwa ife, tonse ndife a gogo mmodzi kungoti agogo aamuna anatsika kudzagwira ntchito kuno ena anatsala kumudzi

Yohane: Usandiyerekezere mayi anga ndi nyani iwe

Limbani: Sindinatero malume, pepani ngati zamveka choncho

Yohane: Genesis 1:27

Memory: Moni abale, kwa ofuna zitenje zafika zatsopano kuchokera ku Lusaka, $6 imodzi, ndili pa Mbare mpaka 4 koloko

Agnes: Memory tili pa nkhani ya fizi

Memory: Pepani mayi aang'ono sindinawerenge m'mwambamu, bandulo inatha

Fatsani: Achimwene ine ndifunse. Mukukumbuka chloroquine uja amayi ankatimwetsa, wowawa uja, ine ankandiyabwitsa thupi lonse usiku osagona? Anapita kuti?

Yohane: Zikugwirizana bwanji ndi nyani

Limbani: Zikugwirizana kwambiri malume, ndi zimene ndimaona tsiku ndi tsiku ku famase. Chloroquine anasiya kugwira ntchito, Malawi ndi dziko loyamba mu Africa muno kumusiya, mu 1993 anasinthira ku Fansidar, Fansidar nayenso anafooka mpaka mu 2007 anabweretsa LA. Mankhwalawo sanasinthe ayi, chinasintha ndi tizilombo ta malungo. Pa tizilombo tambirimbiri m'magazi pamakhala tingapo tobadwa tosiyana pang'ono toti mankhwala satipha, tinzawo tonse tikafa itoto timatsala nkuswana, ana ake nkutengera, pakapita zaka dera lonse ladzaza ndi tosamva mankhwala. Evolution yake ndi imeneyo basi, zimene Charles Darwin analemba mu 1859. Nchifukwa chake timakakamira anthu kuti amalize mankhwala a TB miyezi 6 yonse ngakhale akumva bwino

Yohane: Kachilombo kasintha koma kakadali kachilombo, sikanasanduke mbuzi. Chilichonse monga mwa mtundu wake, zinalembedwa

Limbani: Pa zaka 30 sikangasanduke china, zoona. Koma tikunena za zaka mamiliyoni malume, kusintha pang'onopang'ono kukaunjikana

Yohane: Unalipo iwe zaka mamiliyonizo?

Steve: Moni moni

Agnes: Steve wafika bwino, $30 ija bwanji

Agnes: Steve

Mai Dalitso: Kuno magetsi azima kuyambira m'mawa, foni ikazima musadabwe. Kumeneko madzi akutuluka?

Agnes: Sabata yachiwiri ino alamu, tikutunga pa mjigo wa kuseri kwa tchalitchi, Tadala yemweyo ndi amene amadzuka 4 koloko kukaima pamzere asanapite kusukulu

Fatsani: Achimwene pa funso lanu loti unalipo. Ine chaka chatha ntchito inandipititsa ku Karonga ndinalowa mu museum ija, muli chigoba cha chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus, chachitali kuposa minibasi, mafupa ake anakumba m'boma lomwelo. Komanso anatifotokozera za chibwano cha munthu wakale chimene anachipeza ku Uraha mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, mano ake akuluakulu osafanana ndi athuwa koma osatinso a nyani. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Sanabwere nacho pa ndege azungu, chinatuluka m'dothi la kwathu. Ku Zambia nakonso chigaza chija cha ku Kabwe anachipeza mu mgodi mu 1921

Yohane: Mafupa ndi mafupa. Zakazo anawerenga ndani

Limbani: Pali njira zingapo malume. Phulusa la mapiri ophulika lili ndi zinthu zimene zimasintha pa liwiro lodziwika, akayeza amadziwa kuti lagona zaka zingati, ndiye fupa lopezeka pakati pa miyalo iwiri ya phulusa zaka zake zimadziwika. Kwina amafananiza ndi mafupa a nkhumba ndi nyama zina zimene zaka zake zinayezedwa kale. Ndipo ma lab osiyanasiyana amayeza paokha nkupeza zofanana

Fatsani: Ngakhale nsomba za m'nyanja yathu, mbuna zija, mitundu mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse padziko, gulu la miyala ili mtundu wake, ukapalasa pang'ono kufika pa miyala ina mtundu winanso

Memory: Mwanditchulira nsomba, amalume a Fatsani mukamabwera Disembala mutitengereko usipa ndi chambo chouma chonde, kuno kapenta watikwana

Fatsani: Ndikabwera. Nkhani ya chiliza cha amayi ikadali pomwepaja, sindingakwere basi kawiri

Yohane: Za chiliza tidzakamba pa nthawi yake

Fatsani: Chaka chachitatu chino tikumva zomwezo, ndipo ena tinasonkha kale

Yohane: Ukutanthauza chiyani Fatsani

Mai Dalitso: Abambo a Dalitso chonde

Agnes: Abale chiliza chili ndi tsiku lake. Lero ndi Lolemba, Lachisanu ndikufunika ndikaime pa ofesi ya sukulu ndi $260 m'manja, ndili ndi $130. Chikondi ndikuona ukuwerenga, uyu ndi mlongo wako wa bere limodzi

Yohane: Ine mawu anga ndi amodzi. Ku America komwe akhristu anakana zimenezi m'masukulu, abusa athu anatiuza. Ngati akufuna kuphunzitsa za nyani aphunzitsenso za chilengedwe m'kalasi momwemo mwana asankhe yekha

Limbani: Anakanadi malume koma nkhaniyo sinathere pomwepo. Mu 1925 ku Tennessee mphunzitsi John Scopes anamuzenga mlandu chifukwa chophunzitsa evolution, anamulipiritsa $100. Koma mu 1968 khoti lalikulu la dzikolo linathetsa malamulo oletsawo. Atayesa zoti ziphunzitsidwe zonse ziwiri mofanana ngati mukuneneramu, ku Louisiana, khoti lomwelo linakana mu 1987. Anasintha dzina nkumati intelligent design, kutanthauza kuti pali wanzeru wina amene anakonza zamoyo, mu 2005 ku Dover, Pennsylvania woweruza anati ndi chipembedzo chomwecho sichingalowe m'kalasi ya sayansi. Chifukwa chake nchoti mu sayansi chinthu chimayenera kuyesedwa, chikapezeka cholakwa nkutayidwa. Chikhulupiriro sitiyesa mu lab, ndipo ine sindingafune kuti munthu aziyesa changa

Yohane: Makhoti a anthu. Genesis 1:27

Mai Dalitso: Alamu ndilankhuleko pang'ono ngakhale ndili wobwera. Ife ku Katolika Papa Yohane Paulo Wachiwiri ananena mu 1996 kuti evolution si nkhani yongoganizira chabe, koma mzimu wa munthu ndi wochokera kwa Mulungu. Masisitere amene anandiphunzitsa ine Bayoloje m'mawa tinkayamba ndi pemphero kenako nkutsegula buku lomwelo. Sindinasiye kupemphera mpaka lero

Yohane: Za Akatolika ndi za Akatolika alamu

Limbani: Komanso Baibulo kusukulu lilipo malume, pali phunziro la Family and Religious Studies, Tadala analemba ku Fomu 4 anakhoza bwino. Palibe amene wamulanda Genesis

Memory: Ine zonsezi sindikuzitsata koma Tadala amaimba kwaya Lamulungu lililonse, ndimamuona ndi maso angawa

Yohane: Lero akuimba, mawa akapita ku yunivesite adzabwera akuti kulibe Mulungu ngati ana ena tikuwadziwa

Limbani: Ngati mukunena ine malume, ndimapemphera, kungoti ndinasintha mpingo ndipo chifukwa chake mukuchidziwa

Agnes: Basi basi. Achimwene ndimafuna ndisanene izi pagulu koma mwandikakamiza. Esnati anadwala miyezi ingati? Inu munkabwera Lamulungu kudzapemphera ndipo tinkayamikira, koma amene ankagona pansi pa simenti pafupi ndi bedi ndi ine ndi mwanayu. TB ija madokotala anatiuza kuti ndi yosamva mankhwala, jakisoni tsiku ndi tsiku mpaka makutu anagontha, Tadala ankachita kulemba papepala kuti alankhule ndi mayi ake. Anali ndi zaka 13. Tsiku lina anafunsa nesi kuti chifukwa chiyani mankhwala anachiza a neba koma amayi ayi, nesi anamufotokozera zomwe wanena Limbanizi, kuyambira pamenepo mwanayu sanafunenso china koma udokotala. Panopa magetsi akazima amawerenga ndi katochi ka pafoni yanga, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asagone. Ndiye inu mwatsegula tsamba limodzi mwaona zigaza basi mwaweruza. Kope lomwelo mukanapitiriza kutsegula mukanapeza za TB ya mayi ake

Fatsani: Mwanena achemwali

Mai Dalitso: Mzimu wa Esnati uuse mumtendere

Memory: Ine ndilibe zambiri koma ndagulitsa zitenje ziwiri, ndikutumizirani $10 pa EcoCash mayi aang'ono

Agnes: Yafika Memory, Mulungu akuonjezere. Tili pa $140

Limbani: Malume ngati mungalole ndibwere ku Mbare Lachitatu ndikaweruka, tikhale pansi ndi bukulo muone nokha zimene zalembedwamo, musamve za ine kapena za abusa

Yohane: Buku ndili nalo kale kunyumba kwanga

Agnes: Mwadzuka bwanji. Lachitatu lero. Steve foni yako ikungoitana, Chikondi ndakutumizira mavoisi atatu

Steve: Mayi aang'ono zinthu zavuta, kombi ili kwa makaniko kuyambira sabata yatha, ndipeza $15 mawa ina kumapeto kwa mwezi

Agnes: Tumiza yomweyo

Fatsani: Chikondi ku Johannesburg zithunzi pa Facebook akuika daily

Mai Dalitso: Mwina ntchito yavuta, tisamuweruze

Fatsani: Pa maliro anavutikanso chomwecho

Yohane: Agnes. Usiku sindinagone. Za Esnati wandilasa, mlongo wanga ndinamunyamula ndi manja angawa kumulowetsa m'galimoto tsiku lomaliza lija, usaganize kuti ndinaiwala. Ine za nyani sindivomereza ndipo sindidzavomereza, munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Koma mwana wa mlongo wanga sangalephere mayeso ine ndili moyo anthu nkumati mwini mbumba anali kuti. $60 ndamupatsa Memory akubweretsera madzulo. Koma Loweruka Tadala abwere kuno ndikufuna ndikhale naye pansi ndimve pakamwa pake zimene amakhulupirira

Agnes: Zikomo achimwene. Abwera, koma mukamufunse mofatsa, ndipo pofika 3 koloko akhale atanyamuka ali ndi zowerenga

Yohane: Ndimadziwa kulankhula ndi ana

Limbani: Zikomo malume. Ndibwere nawo Loweruka?

Yohane: Iwe ayi

Agnes: Ndiye tili pa $200, ya Steve ikafika $215. Yatsala $45

Fatsani: Ine ndapanikizika, Dalitso nayenso akufuna yunifolomu

Limbani: Ndiika $20 ina Lachinayi usiku, koma Chikondi adzandibwezere

Agnes: Yatsala $25. Ndikabwereka ku chipereganyu cha amayi a kumpingo, ndidzabweza mwezi ukatha. Lachisanu ndinyamuka 7 koloko, lisiti ndijambula ndiika pano. Chikondi ukawerenga undiimbire, ngakhale ulibe ndalama ungondiimbira, mlongo wako akufunsa