Mwana wandipanikiza: tadziwa bwanji kuti dzuwa limazungulira?

Mphunzitsi wa Physics, Linthipe: Akuluakulu ndithandizeni. Mwana wa Fomu 3 wandifunsa kuti sala mukuti dzuwa nalo limazungulira palokha, mwadziwa bwanji poti limangooneka chimodzimodzi, ine ndangoti tikambirana mawa koma chilungamo chake ndinalibe yankho.

Madamu a Geography, Lizulu: Kkkk ana amakono. Yankho ndi mawanga achimwene. Dzuwa lili ndi mawanga akuda, malo oti mphamvu ya maginito yachuluka ndiye kutentha kumachepako, pamwamba pa dzuwa ndi cha m'ma 5,500°C koma pabanga sipafika pamenepo nchifukwa chake pamaoneka poderapo. Galileo, katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, ankawajambula mu 1612 nkuona kuti akusuntha tsiku ndi tsiku. Banga limatenga pafupifupi masabata awiri kuchoka mbali ino kukalowa mbali inayo.

Mphunzitsi wa Physics, Linthipe: Nde ndiwaonetsa bwanji opanda telescope?

Wa labu, Bembeke: Bwerekani ma binoculars, tsekani galasi limodzi, kuwala kwa linalo kugwere papepala loyera mkati mwa katoni, muzichonga banga ndi pensulo nthawi yomweyomweyo masiku anayi kapena asanu. Koma chonde chonde mwana asayerekeze kusuzumiramo, diso limapsa pompo. Vuto ndi nkhungu yathuyi, June kuno dzuwa mungalione? Dikirani September, apo ayi tsitsani zithunzi za SDO, setilaiti ya NASA yojambula dzuwa, sizidya bandulo kwambiri.

Madamu a Geography, Lizulu: Ine ndimabaya lalanje ndi sipoko ya njinga nkulemba madontho ndi maka. Kungoti muwauze kuti lalanje likunama pang'ono, dzuwa si cholimba ayi ndi mpweya wotentha, pa equator pake pamatenga masiku pafupifupi 25 kuzungulira kamodzi pomwe kunsonga amafika cha m'ma 35. Richard Carrington, katswiri wa zakuthambo wa ku England, anaziona zimenezi m'ma 1850 polondola mawanga omwewa.

Mphunzitsi wa Physics, Linthipe: Mwana ameneyu ndikumudziwa, afunsanso za nyenyezi zinazi.

Wa labu, Bembeke: Zambiri mwa izo mawanga ake sitiwaona, zili kutali. Amayeza kuwala basi, banga likatembenukira kuno nyenyezi imachita mdima pang'ono, likapita kuseri imawalanso, mukawerenga masiku kuchoka pamdima wina kufika pamdima wotsatira ndiye nthawi imene imatenga kuzungulira kamodzi imeneyo. Telescope ya Kepler yomwe inapita mu 2009 inayeza nyenyezi masauzande motere. Ndipo zozungulira mwachangu, makamaka zazing'ono msinkhu, ndi zomwe zimakhala ndi zimawanga zikuluzikulu. Matani selotepi yakuda mbali imodzi ya babu muzilitembenuza mkalasi mutatseka mawindo.

Mphunzitsi wa Physics, Linthipe: Babu lilipo, magetsi ndi amene sindikuwakhulupirira. Nditenga la sola lakunyumba, mayi akunyumba akalola.