Zaka za nyama za ku China: kodi ndine Khoswe kapena Nkhumba?

mtsikana_wa96:
Abale thandizeni, ndangoyamba kumene kuwerenga za nyama 12 zija anthu a ku China amatchulira zaka ndiye mutu wanga waima. Ine ndinabadwa mu January 1996, app ina pa foni ikuti ndine Khoswe koma malo ena pa intaneti akuti ndine Nkhumba, zoona ndi ziti? Komanso za makhalidwezi zimachokera pati, akuti Khoswe ndi wochenjera, wodziwa kusunga ndalama, pomwe Nkhumba ndi wopatsa, wokonda kudya bwino ndi kusangalala. Ine zonse ziwiri zikundikwana kkkk.

bambo_wa_awiri:
Ndinu Nkhumba achemwali. App imeneyo ikungoyang'ana kalendala yathuyi, pomwe chaka cha ku China chimatsata mwezi wakumwamba ndipo chimayamba tsiku lina pakati pa 21 January ndi 20 February, sichikhala ndi tsiku limodzi. Mu 1996 chinayamba pa 19 February, ndiye aliyense wobadwa tsikuli lisanafike akadali m'chaka cha Nkhumba chomwe chinayamba pa 31 January 1995. Anthu a January ndi February amasokonezeka chonchi nthawi zonse.

Mndandanda wake umayenda motere: Khoswe, Ng'ombe, Kambuku, Kalulu, Dragoni (chinjoka cha m'nthano), Njoka, Hatchi, Mbuzi, Nyani, Tambala, Galu, Nkhumba. 2020 inali Khoswe, 2024 Dragoni, 2025 Njoka, 2026 Hatchi. Koma sizithera pompo ayi, amaphatikizanso zinthu zisanu, mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, ndiye kuti nyama yomweyo ndi chinthu chomwecho zikumanenso pamatenga zaka 60. Inuyo ndinu Nkhumba ya mtengo.

nachisale_wa_kuphiri:
Za makhalidwezo zambiri amazifotokoza ndi nthano. Akuti mfumu yakumwamba, Jade Emperor, inaitana nyama ku mpikisano woti ziwoloke mtsinje, khoswe poona kuti kusambira sakutha bwino anakwera pamsana pa ng'ombe, atafika tsidya analumpha nkukhala woyamba, ng'ombe yagwira ntchito yonse koma nambala 2. Nchifukwa chake amati a Khoswe ndi a mutu wothamanga, a Ng'ombe ndi akhama ndi opirira. Nkhumba yanuyo inafika pomaliza chifukwa inaima panjira kudya kenako tulo tinaiba kkkk pepani. Mphaka palibe pamndandanda chifukwa khoswe anamupusitsa, ena amati sanamudzutse ena amati anamukankhira m'madzi, ngakhale ku Vietnam mphaka alipo, analowa m'malo mwa kalulu.

Chomwe chimandiseketsa ine ndi kalulu. Kwathu kuno kalulu wa m'nthano ndi tambwali wotheratu, wonamiza njovu ndi fisi, koma kwa iwo wobadwa chaka cha Kalulu amati ndi wofatsa, waulemu, wosakonda mikangano. Ine ndine wa 1987, Kalulu, amene amandidziwa aweruze okha kuti ndine kalulu wa kuti.

kayakaya:
Ine zoti khalidwe la munthu limachokera ku chaka ndimakana. Ganizani kalasi yanu ya ku pulayimale, ambiri munabadwa chaka chimodzi, nanga munali ofanana? Ndipo mwanena nokha kuti zonse ziwiri zikukukwanani, amazilemba dala mokomera aliyense. Chosangalatsa kwa ine ndi mmene chikhulupiriro chimenechi chimasinthira zochita za anthu. Ku Japan mu 1966 chinali chaka cha Hatchi ya moto, anthu ankakhulupirira kuti mtsikana wobadwa chaka chimenecho amakhala wolusa ndipo amabweretsa tsoka kwa mwamuna wake, ana obadwa anatsika pafupifupi ndi kota yathunthu poyerekeza ndi 1965. Pomwe chaka cha Dragoni mabanja ambiri ku Taiwan, Hong Kong ndi Singapore amachikonda, amati mwana wake amakhala wamwayi.

bambo_wa_awiri:
Zoona zimenezo. Chinanso, chaka cha nyama yako chikabweranso anthu a ku China samachitenga ngati cha mwayi, amati mpomwe mavuto amakonda kugwa, ndiye amavala kanthu kofiira, lamba, masokosi ngakhale kabudula wamkati. Chanu achemwali chinali 2019, chikubweracho ndi 2031.

mtsikana_wa96:
Zikomo nonse, Nkhumba ndavomera ngakhale zogona panjirazo zandiwawa. Nanga chibwenzi changa ndi cha August 1989, ndi Njoka eti? Ndawerenga kuti Nkhumba ndi Njoka sizigwirizana, wina andiuze ndisanamutumizire skrinishoti.