Ndiyambire pati pa coding, ine wophunzira za laibulale?

wakuChipoka analemba:

Moni nonse. Ndikuphunzira za laibulale ku yunivesite, ndipo tchuthi chino ndili kwathu ku Salima. Sukulu ina ya sekondale kufupi ndi kwathu ili ndi mabuku pafupifupi 1,500 olembedwa mu Excel. Aphunzitsi akufuna kuti ana azifufuza buku pa kompyuta m'malo motsegula kaundula tsamba ndi tsamba. Laputopu yanga ili ndi Windows ndi RAM ya 4GB, intaneti ndi ya bandulo ya pafoni. Kodi ndiphunzire HTML ndi PHP n'kulemba ndekha pulogalamu yake, kapena pali njira ina? Nanga pa coding, chomwe munthu wa laibulale amafunikiradi n'chiyani?

kaundula_wamabuku analemba:

Achemwali, musalembe pulogalamu yanuyanu. Ilipo kale, ndi yaulere, dzina lake Koha. Inayambira ku New Zealand, ndipo imatuluka yatsopano kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala. Kubwereketsa, kubweza, chindapusa, tsamba lofufuzira mabuku, zonse zilimo. Ntchito yanu yeniyeni ndi kukonza Excel ija kuti isanduke MARC21, kalembedwe ka kaundula wa mabuku komwe Koha imagwiritsa ntchito, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera.

Danga lililonse la mu Excel lipatseni nambala yake ya MARC. ISBN ndi 020, wolemba ndi 100, mutu wa buku ndi 245, wosindikiza ndi chaka ndi 264 kapena 260, nambala ya Dewey ndi 082, nkhani ya buku ndi 650. Buku lenileni lomwe lili pa shelefu Koha imalisunga mu 952: $a ndi $b ndi chizindikiro cha laibulale, $y ndi mtundu wa chinthu, $o ndi nambala ya pamsana pa buku, $p ndi barcode. Mukakonza, tsegulani pulogalamu ya MarcEdit, yomwenso ndi yaulere, musankhe Delimited Text Translator, ndipo ikupatsani fayilo yoti Koha ilandire.

Zolakwika zimabwera motere. Excel ikaona ISBN ya manambala 13 imaisandutsa 9.79E+12, ndipo mukasunga ngati CSV zili choncho, manambala enieniwo apita. Barcode ya 000123 imasanduka 123. Mankhwala ake ndi amodzi: madanga awiriwa muwapange Text musanalembemo kanthu. Chachiwiri ndi chilembo chathu cha ŵ. Mukasunga fayilo popanda UTF-8 (encoding, kapena kuti kasungidwe ka zilembo, komwe kamazindikira ŵ), kapena mukaitsegula ndi encoding yolakwika, Malaŵi amatuluka MalaÅµi, ndipo mwana wofufuza dzinali sapeza kanthu. Sankhani CSV UTF-8 posunga. Chachitatu, chizindikiro chomwe mwalemba mu 952$a ndi 952$y chikhale chomwecho chomwe munakhazikitsa kale mu Administration ya Koha. Zikasiyana, mutu wa buku umalowa koma buku la pa shelefu limakanidwa. Barcode ikabwerezedwa kawiri, yachiwiri imakanidwanso.

Yesani ndi mabuku 20 okha kaye. Mabuku a Chichewa muwaike chizindikiro cha chilankhulo, chomwe ndi nya, mu danga la 008 ndi la 041, kuti tsiku lina muzitha kuwasefa onse pamodzi. Zimawawa kuona mabuku athu atalembedwa ngati a Chingerezi chifukwa palibe anasintha danga limeneli.

zamasamba_KK analemba:

Ndikugwirizana ndi achimwene pamwambapa pa za Koha, koma HTML musaitaye. Chomwe mungasiye pakadali pano ndi PHP, chifukwa Koha inalembedwa mu chinenero china chotchedwa Perl, ndipo ngakhale Perl yomweyo simuikhudza pa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

HTML ndi CSS ndi zomwe zimakupatsani mphamvu pa tsamba lomwe ana adzaone. Lembani mu Notepad tsamba limodzi la malamulo a laibulale: mutu mu h1, nthawi zotsegulira mu table, malamulo mu ul. Pamwamba ikani meta charset="utf-8", ndipo pa html ikani lang="ny" poti tsambalo ndi la Chichewa. Sungani ngati index.html n'kulitsegula mu browser. Palibe bandulo yomwe yapita. Webusaiti ya DevDocs imalola kukopera malangizo a HTML, CSS ndi JavaScript kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti.

Mu Koha, mtundu ndi kukula kwa zilembo mumasintha mu OPACUserCSS, ndipo JavaScript imapita mu OPACUserJS. Musakhudze mafayilo a Koha enieniwo, chifukwa update ikadzabwera idzafufuta zonse zomwe munasintha. Dinani F12 mu browser kuti muone dzina la chinthu chomwe mukufuna kusintha.

Koma chinenero chomwe chidzakuthandizeni kwambiri ndi SQL, chofunsira mafunso ku database. Ahedi akafunsa kuti ndani sanabweze mabuku temu isanathe, yankho lili mu matebulo atatu: borrowers, items ndi issues. Yambani ndi SELECT * FROM issues WHERE date_due < NOW() kenako phunzirani JOIN kuti mayina a ana ndi ma barcode azionekera pamodzi. Mu Reports ya Koha mumaloledwa SELECT yokha, choncho simungaononge kanthu poyeserera.

wakuChipoka analemba:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndiye Koha ilowa pa Windows yangayi? Ndipo magetsi kuno mukuwadziwa.

malume_waseva analemba:

Pa Windows mwachindunji ayi, mwanawe. Koha imafuna Debian kapena Ubuntu, yomwe ndi mitundu ya Linux. Pophunzirira, ikani VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina mkati mwa Windows, mupange makina a Debian opanda desktop, muwapatse RAM ya 2GB ndi disk ya 20GB. Pa laputopu ya 4GB ziyenda mwapang'onopang'ono, ndiye tsekani mapulogalamu ena onse. Kukopera Debian ndi Koha kumadya bandulo, choncho dikirani ya usiku.

Mukaika koha-common (Koha yeniyeniyo) ndi MariaDB (database yake), musathamangire koha-create, lamulo lopangira laibulale yanu. Tsegulani kaye koha-sites.conf muike INTRAPORT (khomo la tsamba la ogwira ntchito) pa 8080, muonjezere Listen 8080 mu ports.conf ya Apache (pulogalamu yopereka masamba a Koha ku browser), ndipo muyatse rewrite ndi cgi ndi a2enmod. Woiwala mzere wa Listen uja amapeza tsamba la ogwira ntchito likukana kutseguka, n'kumaganiza kuti zonse zaonongeka. Pa netiweki ya VirtualBox sankhani Bridged, apo ayi makompyuta ena sadzaiona seva. Kusukuluko ipatseni IP yosasintha.

Mukalowetsa mabuku koma kufufuza kukubweza zero, mabuku sanasowe. Ndi Zebra, yomwe imapanga index, yomwe yatsalira. Lembani sudo koha-rebuild-zebra -f -v kenako dzina la laibulale yanu.

Tsopano magetsi. MariaDB ikazimitsidwa mwadzidzidzi ili mkati molemba, database itha kuonongeka. Laputopu yakale yomwe batire lake lili bwino imaposa desktop yopanda UPS (batire lothandiza magetsi akathima), chifukwa magetsi akathima imakupatsani nthawi yozimitsa bwinobwino. Kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala si kocheza: makinawo asakhale mu kabati yotseka kapena padzuwa la pawindo, ndipo muzichotsa fumbi pa fani.

Koha imadzisungira backup mu /var/spool/koha kudzera mu cron (pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) ya tsiku ndi tsiku, yomwe pa Debian imayenda 6:25 m'mawa. Ngati seva imayatsidwa 7 koloko aphunzitsi akafika, backup imeneyo siichitika, pokhapokha mutaika anacron, yomwe imayendetsa ntchito zomwe zinaphonyedwa makina atazima. Lachisanu lililonse yendetsani koha-dump nokha, mukopere mafayilo awiri omwe itulutse pa flash, ndipo flash isagone chipinda chimodzi ndi seva. Musanabwerere kusukulu, mulembere mphunzitsi woyang'anira laibulale masitepe amenewa pa pepala limodzi, ndipo ayese kubwezeretsa backup ndi koha-restore inu muli pomwepo.