Abale, akatswiri a zachuma andizunguza mutu: ndikongole ndalama ya sukulu kapena ndiyambe ndadikira?

Membala wobisa dzina

Moni nonse. A admin zikomo pondilola. Dzina ndabisa dala, mwina abwana anga ali m'gulu momwe muno.

Ndine kalaliki wa za akawunti, ndagwira zaka 9. Ntchito yanga ndi kulowetsa malisiti ndi ma invoice m'kompyuta, kuyerekeza mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki, komanso kukonza malipiro mwezi ukamatha. Miyezi ingapo yapitayo kuntchito anagula pulogalamu ya AI (nzeru zopangidwa za kompyuta) yomwe imawerenga yokha lisiti ukangolijambula. Zimene ndinkalimbana nazo masiku atatu, pano zikutha dzuwa lisanafike paliwombo. Tinalipo anayi. Awiri makontrakiti awo atatha sanawaitanenso. Ine palibe wandiuza kanthu, koma paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Usiku tulo sindikuliona, ndiye ndimangomvera akatswiri a zachuma pa YouTube. Apa ndi pamene mutu wazungulira. Bungwe la IMF linanena mu January 2024 kuti pafupifupi ntchito 40 pa 100 zilizonse padziko lonse zikhudzidwa ndi AI. Ndisanameze malovu, ndikumva kuti Daron Acemoglu, yemwe analandira nawo mphoto ya Nobel chaka chomwecho, akuti phindu la AI pa chuma m'zaka 10 zikubwerazi likhala lochepa kusiyana ndi phokoso lake. Onsewa ndi ophunzira. Ine ndimvere uti?

Maganizo anga ndi oti ndikongole ndalama ku banki ndiyambe ACCA, maphunziro a ukatswiri wa akawunti. Mnzanga wina akuti ayi, ndiphunzire programming, kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mayi a kunyumba akuti ngongole asaimve n'komwe, chifukwa chiwongoladzanja chake ndi chija chosinthasintha. Safunsa anadya phula, ndithandizeni.

Mkulu wopuma ntchito ya ku banki

Achimwene, mtima m'malo kaye. Mantha amenewa ife tinawaonapo. Pulogalamu yoyamba ya spreadsheet (tebulo la manambala lowonkhetsa lokha), VisiCalc, inatuluka mu 1979, kenako Lotus 1-2-3 mu 1983, Excel mu 1985. Zisanabwere zimenezi, bwana akasintha nambala imodzi, kalaliki ankafufuta ndi kuwonkhetsanso pepala lonse. Ku America makalaliki osunga mabuku anachepadi m'zaka zotsatira, koma ma accountant ndi ounika zachuma anachuluka. Kuwerengera kutatchipa, mabwana anayamba kufunsa mafunso ambiri: nanga tikakweza mtengo? nanga tikatsegula nthambi ina? Pankafunika munthu woyankha.

ATM nayonso chimodzimodzi. Yoyamba inaikidwa ku London mu 1967. Anthu ankati ma teller atha, koma ku America anapitiriza kuchuluka kwa zaka zambiri, poti kuyendetsa nthambi kunatchipa ndipo mabanki anatsegula nthambi zambiri. Ndiye ine ndikuti ACCA ndi njira yabwino. Chokani pa kulowetsa manambala, pitani pa kuwamasulira.

Wotsutsa wa m'gulu

Akulu, ndi ulemu wonse, nkhani ya ATM mwaidula pakati. Mafoni atayamba kugwira ntchito ya banki, ma teller aja anachepa ndithu. ATM inawalekerera, foni ndiye inawamaliza.

Ndipo mawu akuti "ntchito zina zidzabadwa" amandinyansa. Zimabadwadi, koma zimabadwira ndani? Owomba nsalu a ku England omwe anayamba kuphwanya makina mu 1811, aja amatchedwa ma Luddite, sanali opusa. Dziko linalemeradi pambuyo pake, koma owomba nsalu pamanja ambiri anafa ali amphawi. Amene anadyerera ndi zidzukulu. Katswiri akamati zinthu zidzakhala bwino, amawerenga anthu onse pamodzi pa zaka 30. Achimwenewa akuwerenga lendi ya mwezi wamawa.

Mnyamata wa makompyuta

Za programming zokhazo musathamangire bwana. Ine ndi ntchito yanga. Kuyambira pomwe ChatGPT, AI yoyankha mafunso ija, inatuluka mu November 2022, ntchito zing'onozing'ono zimene tinkapatsa ongoyamba kumene, AI ikulemba yokha. Muthawa moto n'kukagwera m'ng'anjo. Zaka 9 zanuzo ndi chuma, musazitaye.

Mayi wophunzitsa zachuma

Achimwene, ndiyankhe funso lanu loyamba lija, poti enawa alilumpha: mumvere uti?

Lipoti la IMF silinanene kuti ntchito 40 pa 100 zitha. Linati zikhudzidwa, ndipo linafotokozanso kuti mwa zimenezo zina AI izipeputsa, zina ndiye izilanda. M'mayiko olemera chiwerengero chinali 60, m'mayiko osauka 26. Anthu a pa YouTube amatenga nambala yoopsayo n'kusiya chiganizo chotsatira, chifukwa mantha ndi amene amakopa oonera. Choncho IMF ndi Acemoglu sakutsutsana kwenikweni. Wina akuwerenga ntchito zimene makina angathe kuzikhudza, wina akuwerenga ndalama zimene chuma chingapindule.

Chachiwiri, akatswiri amadziwa kufotokoza chifukwa chimene zinthu zimachitikira, koma tsiku lake amaphonya kawirikawiri. Mu 2021 Jerome Powell, yemwe anali mkulu wa Federal Reserve, banki yaikulu ya America, ankati kukwera mitengo kwa zinthu n'kwa kanthawi. Pofika June 2022 kunali pa 9.1 peresenti ku America. Banki yaikuluyo inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro mu March 2022 kufika pa 5.25 mpaka 5.5 peresenti mu July 2023, ndipo akatswiri ambiri analosera kuti chuma cha America chigwa mu 2023. Sichinagwe. Geoffrey Hinton, mmodzi mwa akadaulo akuluakulu a AI, ananena mu 2016 kuti tileke kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za X-ray. Mpaka lero zipatala zikuwasakasaka. Munthuyo nzeru ali nazo, Nobel analandira mu 2024, koma kalendala inamupusitsa.

Ine munthu akamalankhula za AI ndimayamba ndafunsa kuti akugulitsa chiyani. Mwini kampani ya AI akanena kuti makina ake alowa m'malo mwa aliyense, akulankhulanso ndi ogula masheya.

Tsono pa ngongole, mayi akunyumba akunena zoona. Chiwongoladzanja chosinthasintha chimatsata banki yaikulu. Ikakweza pofuna kuletsa mitengo kukwera, zimene mumabweza pamwezi zimakweranso, pomwe malipiro anu ali pomwepo. Ndipo mukufuna kukongola nthawi imene ntchito yanu ikugwedera. Ikatha, ngongole sidzatha nayo limodzi. ACCA salipira yonse pakamodzi, mayeso amalembedwa pepala ndi pepala. Lembetsani limodzi kapena awiri ndi ndalama ya m'thumba. Ngati muli ndi dipuloma kapena digiri ya akawunti, funsani, mapepala ena oyambirira amatha kukuchotserani.

Membala wobisa dzina

Mayi, zikomo kwambiri, izi zokha zandimasula. Dipuloma ndili nayo. Zoti angandichotsere mapepala ena sindinkazidziwa. Koma ndifunsebe: nanga ndikavutika zaka zitatu kapena zinayi, pomaliza n'kupeza kuti AI yafikanso pa ntchito ya accountant?

Mlongo wa ku audit

Mbali ina ifikako, tisanamizane. Koma taonani kumene ikukanika. Mu 2023 maloya ena ku New York anapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Woweruza analipitsa chindapusa maloyawo, osati kompyuta. Kwathu kuno n'chimodzimodzi: mabuku akalakwika, a msonkho amafuna munthu amene anasaina. Pulogalamu yanuyo imasiyanitsa lisiti lenileni ndi lopangidwa? Imadziwa kuti wogulitsa uyu amakonda kutumiza invoice imodzi kawiri? Inu mumadziwa.

Yambani kulemba m'kabuku cholakwa chilichonse chimene mwaigwira nacho, ndi ndalama zimene zikanatayika. Pakatha miyezi iwiri mukawaonetse abwana. Pamenepo mupemphe kuti kampani ikulipirireni mayeso, makampani ambiri amatero.

Wotsutsa wa m'gulu

Kabukuko ndavomereza. Koma musadalire chifundo cha bwana chokha. Olemba mafilimu a ku Hollywood ananyanyala ntchito masiku 148 mu 2023, ndipo m'pangano lawo analowetsamo malire a kagwiritsidwe ntchito ka AI. Anapambana chifukwa anali gulu. Inu awiri otsalanu mumakambirana n'komwe?

Membala wobisa dzina

Kunena zoona sitikambirana, aliyense amangoyang'ana pa kompyuta yake ngati tinayambana. Mawa ndimuyamba ndine. Ngongole ndaiimika kaye, mayi a kunyumba aseka kuti mpaka anthu a pa intaneti ndi amene ndawamvera.

Mlongo wa ku audit, sabata yatha yomweyi pulogalamuyi inawerenga 7 ngati 1 pa invoice ina yolembedwa pamanja, ndinakonza mwakachetechete osauza munthu. Zoterezi ndizilembanso m'kabukumo, kapena muzikhala zikuluzikulu zokha?